Wamtali Kapena Wamfupi: Gwirizanitsani Squat ndi Deadlift ndi Mafupa Anu

Funso lake ndi limodzi, limangosintha malaya. Wamtali amabwera n'kunena kuti, "Kodi si msinkhu wangawu umene ukundilepheretsa squat?" Wamfupi naye amati, "Bwanji mnzanga amene tinayamba limodzi akundiposa pa deadlift, chonsecho pa squat ndimamusiya kutali?" Ndayankha mpaka kukhosi kuuma, ndiye ndaona kuti ndingolemba kamodzi, wofunsanso ndizingomulozera pano.

Msinkhu uli ndi gawo lake ndithu, koma ndi laling'ono kuposa mmene ambiri amaganizira. Chimene chimalamula kwambiri ndi kutalika kwa chiwalo china poyerekeza ndi chinzake: ntchafu poyerekeza ndi thunthu, mikono poyerekeza ndi miyendo, komanso mmene fupa la ntchafu linalowera m'chiuno. Anthu awiri otalika masentimita 175 onse akhoza kunyamula mosiyana kotheratu. Mafupawo simungawasinthe. Koma kaimidwe ka mapazi, pamene mwagwira, ndi pamene mwakhazika chitsulo, zonsezi zili m'manja mwanu.

Kwa amene mwangoyamba kumene: squat ndi kusenza chitsulo kumsana, m'munsi mwa khosi, n'kunyonyomala kenako n'kuimirira. Deadlift ndi kudzutsa chitsulo chimene chagona pansi mpaka mutawongoka. Ndikamati thunthu ndikutanthauza thupi kuchokera m'chiuno kufika m'mapewa, ndipo mapuleti ndi zitsulo zozungulira zimene timaloweka mbali zonse ziwiri.

1. Dziwani chimene chimalemetsa chitsulo

Pali zinthu ziwiri. Choyamba ndi mtunda. Mapuleti akuluakulu a pampikisano ndi otambalala masentimita 45, choncho chitsulo chikagona chimakhala masentimita 22.5 kuchokera pansi, kaya wonyamulayo ndi wamtali kapena wamfupi. Poyambira ndi pamodzi, pothera ndi posiyana. Wina chitsulo chimakaima masentimita 65 kuchokera pansi, wina 80. Wachiwiriyu wachiyendetsa masentimita 15 oonjezera nthawi iliyonse imene wadzutsa, ndipo pa maseti a maulendo asanu ndi atatu kapena khumi, amatopa msanga.

Chachiwiri ndiye chachikulu. Nyamulani ndowa yodzaza madzi mkono utagundana ndi thupi, kenako yesani kuitambasulira kutsogolo. Madzi ndi omwewo koma phewa likulira, chifukwa ndowa yatalikirana ndi pamene mkono ukupindikira. Pa squat ndi deadlift zimenezi zimachitika m'chiuno ndi m'mawondo. Chiuno chikatalikirana ndi mzere umene chitsulo chikuyendamo masentimita 25 m'malo mwa 20, minofu ya m'matako ndi kuseri kwa ntchafu imayenera kukoka ndi mphamvu yoonjezera 25 peresenti pa kulemera komweko.

Pamenepa pali lamulo limodzi limene silisankha msinkhu: chitsulo cholemera chiyenera kukhala pamwamba pa pakati pa phazi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pakati pa phazi lonse, kuyeza kuchokera kuchidendene kufika kunsonga ya chala chachikulu, chapamene mumamanga zingwe za nsapato. Chikapita kutsogolo mugwa chafufumimba, chikapita kumbuyo mugwa chagada. Zonse zimene zikubwera m'munsimu ndi njira zimene matupi osiyanasiyana amadzipindira pofuna kusunga lamulo limeneli.

2. Dziyezeni

Mufunika tepi yoyezera, khoma ndi mnzanu wokuthandizani. Vulani nsapato.

Yambani ndi msinkhu. Kenako tsamirani khoma, tambasulani mikono mbali zonse ziwiri, mnzanuyo ayeze kuchokera kunsonga ya chala chapakati cha dzanja lina kufika cha linzake. Kwa anthu ambiri muyeso umenewu umayandikana ndi msinkhu. Ukaposa msinkhu ndi masentimita angapo, mikono yanu ndi yaitali. Ukachepa, ndi yaifupi.

Khalani pa benchi msana uli chilili, muyeze kuchokera pabenchipo kufika pamwamba pa mutu. Kwa ambiri umakhala theka la msinkhu kapena kuposerapo pang'ono. Ngati wanu ukuchepera theka, ndinu wa miyendo yaitali ndi thunthu lalifupi.

Ntchafu muyeze kuchokera pa kafupa kotukuka ka pambali pa chiuno kufika pamene bondo limapindikira. Ambiri amalakwitsa pano chifukwa amayambira pa fupa la pamwamba limene lamba amakhalapo. Si limenelo. Tsikani m'munsi pang'ono, gwirani pambali, muzungulitse phazi mkati ndi kunja: kamene kakuyenda pansi pa zala zanuko ndi komweko. Ntchafu imakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a msinkhu, kapena kupitirira pang'ono.

Pomaliza imani chilili, mikono ilendewere, fumbatani nkhonya, muyeze kuchokera pansi kufika pakati pa nkhonyayo. Chotsanipo masentimita 22.5. Chotsalacho ndi mtunda umene chitsulo chanu chimayenda pa deadlift ya mapazi oyandikana.

Manambala amenewa musawasandutse chiweruzo. Angokuuzani poyambira kuyesa, basi.

3. Pa squat, vomerani kuwerama kumene ntchafu zanu zikufuna

Mukamanyonyomala, mawondo amapita kutsogolo, chiuno kumbuyo. Ntchafu ikakhala yaitali, chiuno chimakankhidwira kumbuyo kwambiri, ndipo kuti chitsulo chibwerere pamwamba pa phazi, thunthu liyenera kuwerama. Thunthulo likakhalanso lalifupi, kuweramako kumachuluka, chifukwa thunthu lalifupi liyenera kugona kwambiri kuti lifike pamalo omwewo. Wa ntchafu zazifupi ndi thunthu lalitali amatsika ali pafupifupi chilili, matako n'kukafika pafupi ndi zidendene popanda kuvutika, ndipo ndi amene mumawaona m'mavidiyo n'kumasirira.

Cholakwa chofala ndi kuuza wa ntchafu zazitali kuti "dzutsa chifuwa, usawerame." Akamvera, chitsulo chimatsalira kumbuyo kwa phazi, ndiye thupi limadzipulumutsa lokha: zidendene zimanyamuka, kapena pofika pansi munthu amagwera kutsogolo mwadzidzidzi. Kuwerama si vuto. Vuto ndi kupinda msana, ndipo ziwirizi n'zosiyana. Mukhoza kuwerama kwambiri msana uli wowongoka ndi wolimba.

Kuti mudziwe zoona, ikani foni pambali panu, yofanana ndi chiuno kutalika kwake, mujambule. Musajambule chakutsogolo kapena mopendeketsa. Yang'anani nsonga ya chitsulo: ngati ikutsika ndi kukwera pamzere wa pakati pa phazi, kuwerama kwanuko ndi koyenera thupi lanu, ngakhale kukusiyana ndi kwa mnzanu. Chitsulo chopanda mapuleti chimanamiza pang'ono chifukwa n'chopepuka poyerekeza ndi thupi; jambulani mutaikapo kulemera ndithu.

4. Pezani kaimidwe kamene chiuno chanu chikulola

Apa ndi pamene alangizi ambiri amangodumpha ndi mawu akuti "mapazi atalikirane ngati mapewa." Mapewa alibe nazo kanthu. Wolamula ndi chiuno.

Mutu wa fupa la ntchafu ndi wozungulira ndipo umalowa m'kadzenje ka fupa la m'chiuno. Kadzenjeka kwa ena n'kakuya, kwa ena n'kosaya. Kwa ena kanayang'ana kutsogolo, kwa ena chakumbali. Khosi la fupa la ntchafu nalo linapotoka mosiyanasiyana. Zimenezi sizioneka kunja ndipo tepi singazipeze. Zotsatira zake n'zakuti pali malo amene fupa limagunda fupa linzake, ndipo mukafika pamenepo, kaya mudziwongole miyezi ingati, simudzapitirira. Mukakakamiza, chiuno chimapindikira mkati ndipo msana wa m'munsi umakhota mutasenza katundu.

Yesani motere. Gonani chagada, gwirani bondo limodzi, mulikokere kuchifuwa molunjika. Imani pamene mwamva kuti latsekeka kapena pamene matako ayamba kunyamuka. Tsopano litsegulireni kumbali pang'ono, mukokenso. Pitirizani pang'onopang'ono mpaka mupeze pamene bondo likufika patali popanda kutsina. Chitani chimodzimodzi mwendo winawo, ndipo musadabwe mukapeza kuti miyendo iwiriyi sikufanana ndendende.

Kenako gwadani, manja pansi, msana uli wowongoka. Bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono ngati mukufuna kukhalira zidendene. Mnzanu ayang'ane msana wa m'munsi, anene pamene wayamba kukhota. Talikitsani mawondo pang'ono, mubwerezenso. Pali kutalikirana kwina kumene mudzafika patali msana usanakhote. Kumbukirani pamenepo.

Tsopano imirirani, gwirani mzati kapena chitsulo cha rack (chimango cha zitsulo chimene timakhazikapo chitsulo cha squat) ndi manja awiri, ikani mapazi motalikirana ngati mmene mawondo analili, munyonyomale mpaka pansi. Muli pansipo, sunthani mapazi pang'onopang'ono, zala muzitsegulire kunja, muzibwezere, mpaka mumve kuti chiuno chakhala pakati pa ntchafu momasuka. Ambiri amapeza kuti zala ziyenera kuyang'ana kunja pang'ono ndithu. Mawondo aziloza kumene zala zikuloza. Imirirani osasuntha mapazi, muyang'ane pansi, mulembe ndi choko kapena tepi.

Chovuta kwenikweni ndi kumva kusiyana kwa zinthu ziwiri. Ngati mukumva kukokeka kuseri kwa ntchafu, m'matako kapena mkati mwa ntchafu, imeneyo ndi minofu, ndipo imamasuka mukamayeserera. Ngati mukumva kutsina kutsogolo kwa chiuno, mkati mwenimweni, ngati china chake chapanikizika, kawirikawiri pamenepo fupa lafika pamalire ake, ndipo mankhwala ake ndi kusintha kaimidwe, osati kukakamiza. Anthu ambiri amataya nthawi yaitali akudziwongola pamene chofunika chinali kungosuntha phazi masentimita atatu.

A ntchafu zazitali amapindula kawiri akatalikitsa mapazi. Ntchafu ikayang'ana kumbali, mukaiona cha pambali imafupika, ndiye chiuno sichipitanso kumbuyo kwambiri ndipo kuwerama kumachepa. Koma musatalikitse mopitirira chimene chiuno chalola, chifukwa mudzalephera kutsika mokwanira. Pampikisano wa IPF, bungwe la padziko lonse loyendetsa mipikisano ya squat, bench press ndi deadlift, squat imawerengedwa pokhapokha pamwamba pa ntchafu, pamene yalumikizana ndi chiuno, patsika kupitirira pamwamba pa bondo. Ngakhale simupikisana, muyeso umenewu ndi wabwino kuutsata kuti muzidziyerekeza mwachilungamo.

Chinthu china chimene ambiri sayembekezera: kaimidwe katsopano kamayamba ndi kukufooketsani. Minofu inazolowera njira yakale. Tsitsani kulemera, mukapatse milungu inayi kapena isanu ndi umodzi musanagamule. Wosintha mapazi tsiku lililonse sadzadziwa chimene chikumuyenera.

5. Onani akakolo, nsapato ndi pokhazika chitsulo

Bondo likamatha kupita kutsogolo, chiuno chimabwerera pafupi ndi mzere wa chitsulo. Imani moyang'ana khoma, chala chachikulu chitalikirane nalo masentimita 10, mukankhe bondo kuti ligunde khomalo chidendene chisananyamuke. Mukalephera, akakolo anu ndi olimba. Nsapato za onyamula zitsulo zimakhala ndi chidendene cholimba chokwera pafupifupi masentimita 2, ndipo kwa wa ntchafu zazitali zimasintha zinthu tsiku lomwelo. Musanagule, yesani kuponda zidendene pa timapuleti tating'ono muone. Nsapato zothamangira zofewa zija zisiyeni, zimadendekera. Ndipo zoti bondo lisapitirire zala za kuphazi musazilabadire. Kwa wamtali n'zosatheka.

Pokhazika chitsulo pali pawiri. High bar ndi pa minofu yokhuthala ya m'munsi mwa khosi. Low bar ndi m'munsi mwake masentimita angapo, pamwamba pa minofu ya kuseri kwa mapewa. Pa low bar mumawerama kwambiri, koma chitsulo chimayandikira chiuno, ndipo ambiri amanyamula zolemererako. A thunthu lalitali amene msana umawatopera msanga aiyese. Ngati mapewa kapena zigongono zikupweteka, bwererani ku high bar. Pa fupa la khosi penipeni musakhazikepo chitsulo.

6. Pa deadlift, chiuno chidzipezere chokha malo

Kuno mikono yaitali ndi mphatso. Imafupikitsa mtunda, komanso imakulolani kugwira chitsulo musanawerame kwambiri. Lamar Gant wa ku America, munthu wamfupi wa mikono yaitali modabwitsa komanso msana wokhota, m'chaka cha 1985 anadzutsa makilogalamu 300 iye akulemera makilogalamu 60, kukhala woyamba kudzutsa kasanu kulemera kwa thupi lake. Mikono yomweyo imakhala chipsinjo pa bench press, kumene mumakankha chitsulo kuchokera pachifuwa mutagona chagada pabenchi, chifukwa kumeneko imatalikitsa mtunda. Ndiye amene amakuposani pa deadlift mwina mumamuposa pabenchi.

Kaya mikono yanu ndi yotani, dongosolo loimira ndi limodzi. Imani mapazi atatalikirana ngati mmene mumaimira mukafuna kudumpha, chitsulo chili pamwamba pa pakati pa phazi, misongolo isanachigunde. Weramani mugwire kunja pang'ono kwa miyendo osachisuntha. Pindani mawondo mpaka misongolo ichikhudze, muime pomwepo. Wongolani msana, kokani mpweya wodzaza mimba, limbitsani, kokani chitsulo pang'ono mpaka mumve chagwira mapuleti, kenako kankhani pansi ndi mapazi chitsulo chikukhula miyendo.

Pamene chiuno chapezeka mukatsata zimenezi ndi pamalo pake. Wa miyendo yaitali ndi mikono yaifupi chiuno chimakhala m'mwamba, msana utatsala pang'ono kugona. Wa thunthu lalitali ndi mikono yaitali chimakhala m'munsi. Cholakwa cha aatali ambiri ndi kutsitsa chiuno ngati akuchita squat poganiza kuti akuteteza msana. Mawondo amakankhira chitsulo kutsogolo, ndipo akangoyamba kukoka, chiuno chimathawira m'mwamba chitsulo chisananyamuke. Mukaona zimenezi pavidiyo, dziwani kuti munayambira pansi kwambiri. Mapewa azikhala kutsogolo kwa chitsulo pang'ono, osati kumbuyo kwake.

Ngati simungathe kufika pachitsulo msana uli wowongoka, chikwezeni pa matabwa masentimita 5 kapena 10, muzitsitsa pang'onopang'ono. Masentimita 22.5 aja anachokera ku kukula kwa mapuleti, sanayezedwe pa thupi la munthu aliyense. Wosapikisana akhoza kukhala pamatabwapo mpaka kalekale, kapena kugwiritsa ntchito trap bar, chitsulo chimene umaima mkati mwake, zogwirira zili m'mbali.

7. Yesani sumo musanainyoze

Sumo ndi deadlift ya mapazi otalikirana kwambiri, manja atagwira mkati mwa miyendo. Imafupikitsa mtunda ndipo thunthu limakhala chilili kuposa pa deadlift ya mapazi oyandikana, choncho imapeputsako msana n'kulemetsa ntchafu. Kawirikawiri imayanja a mikono yaifupi ndi thunthu lalitali. Ed Coan, mmodzi mwa akatswiri otchuka kwambiri pamasewerawa, anadzutsa makilogalamu 409 mwa sumo m'chaka cha 1991 ali m'gulu la anthu olemera osapitirira makilogalamu 100. Komabe woweruza ndi chiuno chomwe chija cha pa sitepe 4. Ngati mawondo sakutseguka mpaka kuloza kumene zala zikuloza, sumo si yanu, kaya tepi ikunena zotani. Ichiteni milungu ingapo, kenako inayo milungu ingapo, muone imene ikukwera popanda kupweteka.

8. Dziyerekezeni ndi anthu oyenera

Tiyerekeze kuti munthu wakula mbali zonse ndi 10 peresenti. Mphamvu imatsata kukhuthala kwa mnofu, ndiye ikwera ndi 21 peresenti. Koma kulemera kwa thupi kukwera ndi 33 peresenti. N'chifukwa chake aang'ono amapambana mukamawerenga kuti wanyamula kangati kulemera kwa thupi lake, pamene akuluakulu amapambana mukamawerenga makilogalamu enieni. Eddie Hall anadzutsa makilogalamu 500 ku Leeds mu 2016, ndipo Hafthor Björnsson wa ku Iceland, wotalika kupitirira mamita awiri, anadzutsa 501 mu 2020, onse motsata malamulo a strongman, mpikisano wa anthu amphamvu, amene amalola malamba omangira manja ku chitsulo. Kutalika sikunawaletse, koma onani matupi amene anali nawo: ankalemera kupitirira makilogalamu 180.

Apa ndi pamene wamtali wowonda ayenera kudzifunsa moona mtima. Munthu wa masentimita 190 wolemera makilogalamu 75 ndi wa masentimita 165 wolemera chimodzimodzi sali pa mpikisano wofanana: wamfupiyo minofu yake ndi yokhuthala pa mafupa aafupi. Wamtaliyo vuto lake lalikulu si mtunda wa chitsulo, koma kuti mafupa ake sanadzaze. Fupa lalitali lili ndi malo a mnofu wambiri, kungoti kudzaza kwake kumatenga zaka, chakudya chokwanira ndi tulo. Magulu a amuna a IPF ndi makilogalamu 59, 66, 74, 83, 93, 105, 120 ndi kupitirira 120. A akazi ndi 47, 52, 57, 63, 69, 76, 84 ndi kupitirira 84. Mukayang'ana opambana m'gulu lililonse, mudzaona kuti misinkhu yawo imayandikana, ndipo aatali amadzaza magulu a pamwamba. Kudzimana chakudya kuti mukhalebe m'gulu la anthu aafupi kuposa inu ndi kudzitsekera nokha njira.

Mukafuna kuyerekeza mphamvu zanu ndi za mnzanu wosiyana naye thupi, musagawe makilogalamu ndi kulemera kwa thupi, chifukwa zimenezo zimakondera wamng'ono. Gwiritsani ntchito masamu amene anakonzedwera zimenezi, monga Wilks, DOTS kapena IPF GL points, amene bungwe la IPF linayamba kugwiritsa ntchito mu 2020. Zowerengera zake zili pa intaneti. Mumangolowetsa kulemera kwanu ndi kumene mwanyamula. Dziwani kuti onsewa amaona kulemera kwa thupi, saona msinkhu kapena kutalika kwa mikono.

Pamene mukuyesa zonsezi, squat muzichitira mkati mwa rack zotchingira zili pamalo, m'munsi pang'ono mwa pamene chitsulo chimafika mukatsika. Kutopa kwa minofu tsiku lotsatira n'kwachibadwa. Ululu wobaya m'chiuno, m'bondo kapena kumsana, dzanzi lotsikira kumwendo, kapena kutsina kumene sikukutha ngakhale mwasintha kaimidwe, zimenezo siyani kaye chitsulo mukaonane ndi dokotala wa mafupa kapena wa fiziyo.